Chala cha Asodzi

Ndinatsika basi kutada kale. Mzindawo sindinkaudziwa. Wa njinga yamoto anandisiya pa geti la sukulu ina, kumene phula amathera, n'kutembenuka osadikira kuti aone ngati anditsegulire.

Ndagonapo malo ambiri. M'madepoti. Pamwamba pa katundu m'lole. Kuseri kwa kauntala ya sitolo. M'kalasi mokha ndinali ndisanagonemo.

Mlonda anaunika baji yomwe inali m'khosi mwanga, kenako nkhope yanga.

"Omasulira amagona ku hotela," anatero. "Kuno kuli alimi."

"Ndi amene ndadzera."

"Akudziwa?"

"Adziwa ndikalowa."

Ndinakhalapo kondakitala. Ndinagulitsapo mafoni akale. Tsopano ndimagulitsa pakamwa. Msonkhano waukulu wa mayiko, wokambirana za chakudya, unandilemba ganyu yomasulira. Mawa lake gulu la alimi ang'onoang'ono, oweta ziweto ndi asodzi linali ndi mphindi zitatu zolankhula pamaso pa nduna. Iwo amati akufuna kudzilamulira pa chakudya: adzale chimene asankha, adye chimene alima, agulitse pamsika wakwawo. Eni msonkhano amati chachikulu n'chakuti munthu akhute, kaya chachokera kuti. Mbali ziwirizi zimakokana chaka ndi chaka. Ine ndimadyera pa kukokanako.

Bwana wa omasulira anandituma kukatenga pepala la zimene alimiwo adzanene. Wolankhula wawo anali achemwali anga. Bwanayo sankadziwa. Ine sindinamuuze.

Kalasi yake inali ya ana aang'ono. Madesiki anali ataunjikidwa kukhoma, miyendo m'mwamba. Pansi panali matiresi opyapyala. Chingwe cha zovala chinachoka pa msomali wa bolodi kukafika pawindo. Munkanunkha mankhwala a udzudzu ndi nsapato zoyenda ulendo wautali. Anthu anali atakhala mozungulira. Onse anatembenuka.

Achemwali sanadzuke.

"Taonani," anatero. "Mpunga wa kunja wafika."

Ena anaseka. Nkhaniyo anali ataifalitsa kale. Tinabadwa mimba imodzi, koma ine amalume ananditenga ndili mwana kukakulira m'tauni. Iwo anatsala ndi khasu. Ulendo womaliza ndinawatengera thumba la mpunga wa kunja, woyera mbee, ngati mphatso. Chinali chaka chimene mpunga wawo unkafumbwa m'nyumba posowa wogula.

"Muli bwanji, achemwali?"

"Tili bwino. Kaya iwe ndi mabwana ako."

Bambo wina wamfupi, wa mapewa otambalala, anaimirira. Zikhatho zake zinali zong'ambikang'ambika ndi zingwe za ukonde. Anali woimira asodzi. Anagwira baji yanga, n'kuikoka mpaka khosi langa linawerama.

"Uyutu ndi wa iwo aja," anatero. "Mwadzatani kuno, a Baji?"

"Ndadzatenga pepala. Kuti mawa ndisapunthwe pomasulira."

"Pepala kulibe."

"Nanga alankhula za m'mutu?"

Anayankha ndi mayi wina wonenepa, woimira ogulitsa pamsika. "Chaka chatha tinapereka pepala. Linabwerako atalimeta mpala. Pamene tinalemba kuti mwatilanda, iwo analembapo kuti pali timavuto tina. Ndiye chaka chino akamete mphepo."

"Ukufuna kumva, khala pansi umve," anatero achemwali. "Osati pa matiresi. Ali ndi eni."

Ndinakhala pa simenti.

Anakweza dzanja lamanja, zala zonse zitatambasuka. Umu ndi mmene gululi limasungira mawu ake. Chala chilichonse chili ndi eni ake. Eniwo amakambirana kwawo, n'kugwirizana chonena, n'kuchipereka kwa wolankhula. Iye sawonjezera. Sachotsa. Akamaliza mawu a ena, amapinda chala chawo, onse akuona. Ndipo wa kunja kwa gulu sawalankhulira. Loya ayi, wa bungwe lothandiza ayi, mtolankhani ayi.

Mayi wa pamsika anatchera wotchi ya pa foni. Achemwali anayamba.

Chala chachikulu chinali cha alimi. Mbewu yathu tisunge, tisinthane, tidzale, osapempha chilolezo kwa kampani. Anapinda. Cholozera chinali cha oweta. Mipanda ichoke pa njira zopita kumadzi. Chapakati cha a pamsika. Chakudya chotchipa cha kunja chisamatayidwe m'misika yathu nthawi yokolola. Chotsatira cha aganyu a m'minda ya eni. Wolima akhale ndi polima pake.

Kunatsala kachala kakang'ono, ka asodzi.

"Zombo zikuluzikulu zichoke m'madzi a m'mphepete. Zikukokolola nsomba zimene ana athu amadya, n'kukazigaya kuti zikhale chakudya cha nkhumba za kutali. Madzi amenewo asiyireni a mabwato."

Anapinda. Dzanja linasanduka chibakera. Foni inalira.

"Ndendende!" anatero mayi wa pamsika. Anthu anawomba m'manja.

"Nanga moni?" ndinafunsa.

"Moni watani?"

"Simupereka moni?"

Mkulu woimira oweta anandiyang'ana ngati ndalavula m'chitsime. Anali wamtali, wa ndevu zoyera, ndodo ili pa maondo. "Tilankhule ndi anthu tisanawalonjere? Mwana uyu analeredwa ndi ndani?"

"Ndi amalume," anatero achemwali. "M'tauni."

"Ndikunena za nthawi, bambo. Moni simunauwerengere."

"Moni si mawu. Moni ndi moni. Ndani amawerengera munthu nthawi ya moni?"

"Makina. Maiki ikangoyaka, wotchi yayamba. Nthawi ikatha amazimitsa. Safunsa."

Msodzi anayang'ana kachala kake pa dzanja la achemwali.

"Chaka chatha nthawi inathera pa ife," anatero. "Tinabwerera kwathu opanda chonena. Anzanga andituma ndi mawu amodzi. Zikachitikanso, asodzi tikutuluka m'gulu muno."

"Ndipo ine ndinalonjeza," anatero achemwali. "Kachala aka kakapanda kupinda, ndisiya udindo wolankhula. Mukufuna ndilumbirenso?"

"Ndiye yambani ndi asodzi," ndinatero. "N'zophweka."

"Atsalire ndani?" anafunsa mkulu wa oweta. "Ng'ombe zanga?"

"Ng'ombe zanu zimatsalira liti? Zimafika m'munda mwini asanafike!" anakuwa mlimi wina kumbuyo.

"Munda wanu munauika pa njira ya madzi!"

"Msika ndiye usayerekeze kusunthidwa," anatero mayi wa pamsika. "Nonsenu mumathera kwa ine."

Phokoso linadzaza kalasi. Msodzi ankamenya desiki ndi chikhatho. Woimira aganyu, munthu wosalankhulalankhula, anangonyamula bulangete lake n'kukakhala pakona. Achemwali anadikira mpaka onse atatopa.

"Ndondomeko ya zala anagwirizana ndi anthu ambirimbiri kumudzi," anatero. "Sitingaisinthe m'kalasi chifukwa wanena wa baji." Anatembenukira kwa ine. "Sunathe n'komwe kupukuta thukuta, watiyambanitsa kale. Akutuma zimenezi?"

"Palibe wandituma."

"Ndiye umangozichita mwaulere? Ndiwe wakhama."

Ndinagona pakhonde, chikwama kumutu. Ndinazolowera.

Holo ya msonkhano inali yozizira ngati firiji ya m'butchala. Pakhomo alonda analanda ndodo ya mkulu wa oweta, n'kumupatsa kachikwangwani ka nambala. Anakayang'ana nthawi yaitali. Nduna zinakhala kutsogolo. Kumbuyo kwawo anthu a makampani a mbewu ndi feteleza, masuti ofanana, nsapato zowala. Alimi anawaika pakona, pafupi ndi chitseko cholowera operekera tiyi.

Ine malo anga anali m'kabokosi ka galasi, kumbuyo, m'mwamba. Mmenemo umamva zokhazo zimene maiki yatola. Maiki ikazima, holo yonse imasanduka nsomba za m'botolo, pakamwa pongoyasamula. Ine ndimatembenuzira m'chizungu. Omasulira a zilankhulo zina, m'timabokosi toyandikana, amatengera kwa ine. Zimene ndanena ndi zimene holo yamva.

"Pepala lili kuti?" anafunsa bwana.

"Alibe."

"Anthu awa," anatero, n'kutseka chitseko.

Nduna ina inalankhula mpaka kanyali kofiira, kosonyeza kuti nthawi yatha, kanatopa. Palibe anaizimitsira maiki. Wa kampani anaonetsa zithunzi za ana akumwetulira m'munda wa chimanga. Nayenso anapyola. Wapampando anangomwetulira.

Dzuwa litapendeka anaitana alimi.

Achemwali anaimirira. Anakonza mpango wawo. Kanyali kobiriwira kanayaka.

"Wapampando, ndakuonani. Nduna zonse, ndakuonani. Amayi ndi abambo ochokera kutali, ndakuonani. Kaya mwayenda bwanji? Kaya kunyumba mwasiyako bwanji?"

Ndinamasulira. Liwu ndi liwu.

Kenako anaima. Anadikira.

Ndinagwira mutu. Ankadikira yankho. Pa moyo wawo wonse anali asanafunsepo munthu za kunyumba n'kupitiriza kulankhula asanayankhidwe. Wapampando ankalemba kanthu. Nduna ina inkayang'ana foni. Wina ankavutika kutsegula botolo la madzi. Wotchi inkayenda.

"Pitirizani," ndinanong'ona, ngati angandimve.

Anayang'ana uku ndi uku. Palibe. Anakweza dzanja.

Chala cha alimi. Ndinathamanga nawo. Cha oweta. Mkwiyo unayamba kumveka m'mawu awo. Ndimawadziwa. Cha a pamsika. Kanyali kanayamba kuphethira. Cha aganyu. Wolima akhale ndi polima pake.

Kofiira.

M'makutu mwanga munangoti zii.

Kachala kakang'ono kanali chiimire, kokha, m'mwamba. Kumbuyo kwawo msodzi anali atadzuka theka. Wapampando anaweramira pa maiki yake, kuthokoza, kufuna kuitana wotsatira.

Achemwali sanakhale pansi. Anayang'ana kachalako. Kenako anatsitsa dzanja lonse, n'kukweza lamanzere. Analoza wapampando. Pakamwa pawo panatseguka kwambiri. Mitsempha ya m'khosi inatuluka. Sindinkamva kanthu, koma ndinadziwa. Chala chimenecho chinandilozapo ine pa nkhani ya mpunga. Zimene ankanenazo sizinali za nsomba.

Maiki yawo inali itazima. Yanga ayi.

Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinaweramira kutsogolo.

"Zombo zikuluzikulu zichoke m'madzi a m'mphepete," ndinatero m'chizungu, modekha, ngati ndikutsatira munthu. M'timabokosi tinato anzanga anatengera. Ndinaona mitu ikudzuka m'holo, manja akukanikiza mahedifoni m'makutu. "Zikukokolola nsomba zimene ana athu amadya, n'kukazigaya kuti zikhale chakudya cha nkhumba za kutali."

Bwana anatsegula chitseko. Anandigwira phewa. Ndinaphimba batani lozimitsira maiki yanga ndi chikhatho.

"Madzi amenewo asiyireni a mabwato."

Pansipo achemwali anamaliza nthawi yomweyo. Anali wefuwefu, chala chikadali pa wapampando.

Holo inawomba m'manja. Si onse, koma ambiri. Wapampando anagwedeza mutu mwaulemu. Wa kampani mmodzi nayenso anawomba, pang'onopang'ono. Achemwali anayang'ana anthuwo ngati awathira madzi ozizira. Kenako anakweza maso ku galasi langa.

"Maiki ya wolankhula ikazima, iwenso umazima," anatero bwana. "Lamulo loyamba. Unamva bwanji zimene amanena?"

"Sindinamve."

Anatambasula dzanja. Ndinavula baji.

Madzulo ndinabwerera kusukulu kuja. Chikwama changa chinali komweko. Mlonda anaunika pachifuwa panga, sanapezepo kanthu.

"Akuchotsani udindo, a Baji?"

"Tsegulani, bambo."

Anali atakhalanso mozungulira. Panalibe woseka. Ndinaima pakhomo. Palibe anandiuza kuti ndilowe kapena ndichoke.

Msodzi ndiye ankalankhula. "Ine ndinali kumbuyo kwawo. Makutu anga ndi awa. Za nsomba sindinamve. Za mabwato sindinamve. Ndinamva za mbale."

"Koma m'mahedifoni zinamveka," anatero mayi wa pamsika. "Chizungu changa n'cha pamsika, koma nkhumba ndinaimva. Ndipo si inu amene nduna ya dziko lina yakuitanani mawa kuti mukakambe za zombo? Yadziwa bwanji? Yalota?"

"Kuitanidwa ndaitanidwa."

"Ndiye mukulira chiyani?"

"Ndikafika kwathu andifunsa kuti ananena ndani. Ndikati chiyani? Kuti mawu a asodzi anatuluka pakamwa pa waganyu wa msonkhano, munthu woti ukamupatsa nkhafi angafunse kuti chipande chachikulu chonchi n'chophikira chiyani?"

Wina anafuna kuseka, n'kudziletsa.

"Funso ndi limodzi," anatero mkulu wa oweta. Ndodo yake anali atamubwezera. "Mukutuluka kapena mukutsala?"

Msodzi anapukuta nkhope ndi zikhatho zonse ziwiri. "Mawu afika. Titsala. Koma chala sichinapinde. Tonse tinaona."

Onse anayang'ana achemwali.

"Sichinapinde," anatero. "Ndinawonjezeranso zanga, zimene simunanditume. Musavutike n'kuvota. Sankhani wina."

"Amayi, mwina tikambirane kaye," anatero mayi wa pamsika.

"Ndinalonjeza pamaso panu. Sankhani wina."

Anadzuka, n'kudutsa pakati pa matiresi. Pakhomo ndinawapatsa njira. Anapita ku mpope wa kuseri kwa makalasi. Ndinawatsatira. Anatsegula madzi, n'kumasamba m'manja mopanda sopo, nthawi yaitali.

"Achemwali, asodzi atsala. Gulu silinasweke."

"Ukufuna ndikuphere nkhuku?"

"Ndachotsedwa ntchito chifukwa cha inu."

"Chifukwa cha ine?" Anatseka mpope. "Ndinakutuma?"

"Mukanataya zonse. Udindo ndi asodzi omwe."

"Iwe, tamvera. Ndakhala ndikunyamula mawu a anthu zaka zonsezi. A ng'ombe, a nsomba, a tomato. Lero lokha ndinanena anga. Ndinawayang'ana m'maso anthu aja, ndinawauza. Ndipo anandiwombera m'manja." Mawu awo anatsika. "Anthu amene ndimawakalipira, kundiwombera m'manja. Ine chala chili m'mwamba ngati wamisala, iwe uli m'galasi kundiveka ulemu."

"Ndinanena mawu a gulu lanu. Sindinapeke."

"Unandimeta. Ukusiyana pati ndi pepala la chaka chatha?"

"Pepala lija linangochotsa. Ine ndinabweza za nsomba."

"N'chifukwa chake sindinakumenye."

Anapukuta manja pa chitenje.

"Munanena chiyani kodi?" ndinafunsa.

"Ukanafuna kudziwa ukanatuluka m'galasimo."

Anandisiya pa mpope. M'kalasi anali atayamba kale kukangana za wolowa m'malo. Ndinamva mkulu wa oweta akuti msodzi sangathe, amalankhula ngati akukuwira bwato lina. Msodzi anayankha za ndevu. Ndinatenga chikwama changa, n'kukagona pakhonde pomwe paja.

Ndinadzuka kusanayere bwino. Basi yoyamba ndi imene ndimaikonda. Simutsanzikana ndi munthu. Mlonda anali ataitana kale wa njinga yamoto, mwina pofuna kuti ndichoke msanga.

Achemwali anali pa geti. Anafunda bulangete, kumapazi kulibe nsapato. M'manja munalibe kanthu. Sindinayembekezere kamba.

"Wadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, achemwali. Kaya inu?"

"Ndadzuka. Ukupita kuti tsopano?"

"Kumene basi ikathere."

"Ndi mmene ulili." Anayang'ana msewu. "M'holo muja, maiki itazima, ndinati: ndakupatsani moni, simunayankhe. Kwathu munthu wosayankha moni sitimuikira mbale. Inu mwadya m'mawa uno. Mbale imeneyo anakuikirani ndani?"

Kenako anandiyang'ana.

"M'chizungu amati bwanji?"

"Mukufuna mukanene kuti? Si inunso wolankhula."

"Pa chitseko cha tiyi amadutsa onse. Pamenepo palibe maiki yoti azimitse. Nena."

Ndinawauza. Anabwereza. Lilime linakana pakati. Ndinawauzanso, pang'onopang'ono, chidutswa ndi chidutswa. Anabwereza. Wa njinga analiza hutala.

"Usandichotsere kanthu," anatero. "Ndikakafunsa kwa wina n'kupeza kuti wafewetsa, usadzapondenso pakhomo panga."

"Sindinafewetse."

Ananenanso, kuyambira pa moni mpaka pa mbale. Mawu awiri anapindika, koma aliyense akanamva.

"Apo pakumveka," ndinatero. "Koma liwu lomalizalo..."

"Pita. Zotsalazo ndikonza ndekha."

Ndinakwera. Njinga inalowa m'phula. Pokhota ndinacheuka. Sanali kuyang'ana ine. Anali atatembenukira khoma la sukulu, chala chili m'mwamba, milomo ikuyenda.